Yankho la amalume pa nyimbo ya piyano ija

Eee, moni nonse pagulupa. Mphwanga, ndamvera nyimbo yako ya piyano ija watumiza usiku, ndipo funso lako ndalimva. Ukuti tsiku lililonse ukuwonjezerapo kanthu koma nyimbo sikutha, ndiye udziwa bwanji kuti yafika pake.

Tamvera. Poyambira paja pali bwino zedi, pamene dzanja lamanja likukwera mi, fa, so kenako n'kumatsika mwakachetechete. Pamenepo usakhudzepo. Vuto lili kumanzere. Ukugwira manotsi atatu othithikana kumunsi kwenikweni kwa kiyibodi, ndiye zikungomveka kuwirima ngati maminibasi pa depoti ku Limbe. Manotsi akumunsi akayandikana amadyana. Kumeneko gwira awiri basi, do ndi so, kapena do ndi do mnzake wapamwamba, mi uja umupereke kudzanja lamanja. Ungoyesa, umva wekha mmene ziyerere.

Chinanso ndi phazi. Wapondereza pedal, chopondera chija chotalikitsa kulira kwa manotsi, kuchokera poyamba mpaka pothera, moti chord yakale, ndiye kuti manotsi ogwira pamodzi aja, ikulowerera m'yatsopano. Chord ikasintha, tukula phazi, pondanso msanga.

Tsono pakati paja wabwereza chinthu chimodzimodzi kanayi. Ine ndikanachotsa ziwiri. Ngati ukufuna kusintha mpweya, nyimboyi ili mu C, ndiye tsetserekera ku A minor, pa la, makiyi ake ndi oyera omwewo. Ikhale yachisoni pang'ono, kenako ubwerere kwanu ku C. Pothera napo usavutike kusaka zachilendo. So kupita ku do imatseka chitseko ndithu. Ukafuna zofatsa, fa kupita ku do, monga muja timaimbira Ameni kutchalitchi. Iweyo wathera pa so, n'chifukwa chake khutu likudikirabe, ndipo iwe ukuganiza kuti pakusowa manotsi ena. Sipakusowa kanthu, sunangofika kunyumba.

Ukakonza zimenezo, jambula pafoni, uisiye masiku angapo osaikhudza. Kenako uimvere uli m'minibasi kuchoka ku Chilomoni kupita mtauni. Pamene maganizo ako achoke n'kuyamba kuganiza za lendi, pamenepo ndi podula.

Aaa, ndisaiwale. Kiyibodi yakoyo ili ndi makiyi 61, pamene piyano yeniyeni ili ndi 88, ndipo makiyi ake ndi olemera, ukamenya mwamphamvu imayankha mwamphamvu. Ukapemphe mkulu wa kwaya kwanuko ngati angakupezere poyesera, chifukwa zina zimene zikukoma pakiyibodi zimamveka mwina papiyano.

Ndiye uilembe, usangoisunga m'mutu. Pali pulogalamu yaulere, MuseScore, umaika pakompyuta, umalemba manotsi ndipo imakuimbira zimene walembazo. Ngati staff, mizere isanu ija yolembapo manotsi, ikukuvuta, lemba kaye mu sol-fa m'kope, ndi deti yake. Ukadzafuna kuitulutsa pawailesi kapena pa YouTube, a COSOMA alipo, ndi amene amayang'anira za umwini wa nyimbo kuno ku Malawi kuyambira 1992.

Achemwali, mwanayu musamamuletse akamaimba usiku, mungomugulira mahedifoni. Loweruka ndidutsa kumeneko cha m'ma 3 koloko. Ukhale utakonza dzanja lamanzerelo, ndidzayambira pomwepo.