Ana athu amakafera chiyani m'maiko a eni?

Bambo wina wa ku Namwera wandilembera kufunsa ngati n'zomveka kuti asilikali athu azikamenya nkhondo kunja.

Bambo, mkanganowu ndi wakale. Pa boma la Mangochi pompano, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija, pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ku Liuli, kutsidya kwa nyanja ya Malawi. Chaka chomwecho John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni. Sananame. Amtengatenga ankasenza katundu wa asilikali a atsamunda a King's African Rifles mpaka kufera m'njira ndi njala ndi matenda.

Komatu nkhondo zonse sizilowa m'thumba limodzi. Zigawenga za RENAMO ku Mozambique zitadula njanji ya ku Nacala, feteleza ndi mafuta athu zinkazungulira ku Durban, mtengo n'kukwera koopsa. Kuyambira 1987 asilikali athu ankalondera njanjiyo, uku Amozambiki pafupifupi miliyoni imodzi atathawira kwathu kuno. Pamenepo palibe chokangana. Moto unali pa denga la mnansi, mphepo ikuwombera kwathu. (Zoti boma la Kamuzu linkanenedwanso kuti limasunga RENAMO yomweyo ndi nkhani ya tsiku lina.)

Congo ndiye pali mutu. Mu 2013 tinalowa m'gulu la asilikali lotchedwa Force Intervention Brigade ndi South Africa ndi Tanzania, pansi pa United Nations (UN). Ndege, chakudya ndi chipatala zinali za UN, imene imabwezeranso boma madola oposa 1,400 pa msilikali aliyense pamwezi. Pofika Novembala zigawenga za M23, zimene tinkalimbana nazo, zinali zitathawa. Ngakhale pamenepo magazi anakhetsedwa: mu Novembala 2018 tinataya asilikali asanu ndi mmodzi kufupi ndi mzinda wa Beni, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, amene anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania.

Ulendo wa SADC wa ku Congo komweko mu Disembala 2023 ndiye unali wolakwika, ndipo apa sindibisa mawu. Ndalama zinali zosonkherana maiko osauka, chitetezo cha m'mlengalenga chochepa, mdani ali ndi zida zamakono. Mzinda wa Goma utagwa m'manja mwa M23 mu Januwale 2025 bwalo la ndege linatsekeka, ndiye ovulala ukawatulutsira pati, zipolopolo zilowera pati? Atatu athu anaphedwa mwezi umenewo. Mu Febuluwale Pulezidenti wa nthawiyo Chakwera analamula kuti akonzekere kubwerera, mu Malichi SADC n'kuthetsa ntchitoyo. Pobwerera anadzera m'dziko la Rwanda, lomwelo limene malipoti a UN amati limathandiza M23.

Ndiye bambo, aphungu anu akabwera ku Namwera afunseni amene akulipira ulendowo, njira yotulutsira wovulala, ndi chipukuta misozi chimene mkazi wamasiye adzalandire ndi tsiku lake. Akayamba kukanda m'mutu, anawo asakwere ndege.