Funsani Dokotala: Mimba Ikukula Koma Sindine Woyembekezera

Funso: Adokotala, ndili ndi zaka 38 ndipo ndili ndi ana awiri. Kwa chaka tsopano msambo wanga ukumatenga masiku 9, magazi ake ambiri komanso oundana. Usiku ndimadzuka kawiri kukasintha padi. Mimba yatupa moti anzanga akumandifunsa ngati ndili ndi pakati, chonsecho ndayezetsa kawiri konse, palibe. Kodi imeneyi ndi khansa?

Yankho: Pepani mayi, mwavutika. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi zotupa za m'chiberekero zotchedwa ma fibroids. Zimamera m'minofu ya chiberekero, ndipo pafupifupi zonse si khansa. Zimakula chifukwa cha mahomoni a thupi la mzimayi, makamaka estrogen ndi progesterone, n'chifukwa chake zimavuta kwambiri pakati pa zaka 30 ndi 50 ndipo zimanyala mayi akasiya kusamba. Amayi achikuda zimawagwira msanga komanso kawirikawiri kuposa ena.

Ambiri amakhala nazo osadziwa n'komwe. Vuto limadalira pamene chotupa chakhala. Chomera m'kati mwenimweni mwa chiberekero, ngakhale chikhale chaching'ono, ndi chimene chimatulutsa magazi ambiri, kutalikitsa msambo kupyola masiku 7, ndipo nthawi zina chimachititsa kuti mayi avutike kutenga pakati kapena apite padera. Chomera kunja chimatha kukula ngati nkhonya kapena mutu wa khanda. Chikapanikiza chikhodzodzo, mumakodza pafupipafupi. Chikapanikiza matumbo, mumadzimbidwa. Ena amamva kulemera pachinena, kuwawa msana, kapena kuwawa pogonana.

Koma ine chimene chikundidetsa nkhawa pa inu si chotupacho ayi, ndi magazi amene mukutayawo. Tsegulani chikope cham'munsi pagalasi, yang'ananinso m'manja mwanu. Ngati mwayera, mukutopa msanga, mukuchita chizungulire, mtima ukugunda kwambiri mukangoyenda pang'ono, kapena mwayamba kulakalaka dothi, magazi akuchepa m'thupi. Amayi ambiri amafika kwa ife atafooka kale chifukwa ankati msambo wawo "ndi mmene ulili".

Pitani kuchipatala sabata ino. Akakuyezani magazi ndi kukuunikani m'mimba ndi sikani, imene imaonetsa kuchuluka kwa zotupazo, kukula kwake ndi malo ake. Mungapatsidwe mapilitsi a ayironi, mankhwala ochepetsa kutaya magazi monga tranexamic acid, kapena njira yolera ya mahomoni. Zikakanika, pali opaleshoni yochotsa zotupa zokhazo n'kusiya chiberekero, yabwino kwa amene akufunabe ana, ngakhale zimatha kumeranso. Ina ndi yochotsa chiberekero chonse. Muwauze adokotala momveka ngati mukufunabe kubereka asanakusankhireni njira.

Mukayamba kunyowetsa padi ola lililonse, kukomoka, kapena kumva ululu waukulu mwadzidzidzi, musadikire sabatayo, pitani tsiku lomwelo.