Alamu, sensa ya mpweya ija musaisinthe kaye

Alamu, ndaliona funso lanu lija, loti muchotse sensa ya mpweya, MAF ija, muikepo yaikulu kuti galimoto izikoka kwambiri poti ndi ya turbo. Ndingoyankha pakamwa, kulemba zitalika.

Ngati turbo ndi yomwe inabwera ndi galimotoyo, ndipo kompyuta yake sinakhudzidwe, isiyeni. Simupezapo mphamvu ngakhale pang'ono, chifukwa sensa ija ntchito yake ndi kuyeza basi. Mkati mwake muli kawaya kopyapyala kamene kamatenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndiye magetsi amene akufunika kuti kakhalebe kotentha ndi amene amauza kompyuta kuti mwalowa magalamu angati a mpweya pa sekondi. Kompyuta imathira petulo potengera nambala imeneyo. Poyenda wamba ndi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo, koma turbo ikayamba kukankha imawonjezera petulo, nambala ija n'kutsikira cha m'ma 11 kapena 12, kuti mkati musatenthe mopitirira.

Tsono apa mumvetsere bwino. Kawaya kaja sikayeza mpweya wonse ayi, kamangomva umene ukudutsa pomwe kalipo, zotsalazo kompyuta imawerengera yokha malinga ndi kukula kwa paipi komwe inauzidwa ku fakitale. Mukachotsa ya mamilimita 70 n'kuika ya 80, m'maso zimaoneka zochepa, koma njira ya mpweya yakula ndi pafupifupi 30 pa 100. Mpweya womwewo uyenda mofatsa pa kawaya paja, kompyuta iganiza kuti walowa wochepa, ithira petulo wochepa, komanso iyatsa moto msanga poyesa kuti injini ilibe katundu. Mukamayenda pang'onopang'ono sensa ya ku ekizozi imayesa kukonza, ndiye simuona kanthu. Mukaponda mpaka pansi, galimoto zambiri sizimveranso sensa imeneyo. Petulo wachepa, turbo ikukankha, injini iyamba kugogoda, pisitoni n'kusweka kapena kusungunuka m'mphepete. Chopusitsa n'chakuti poyamba galimoto imatha kuoneka ngati yapepukadi, munthu n'kumati sensa yagwira ntchito, osadziwa kuti injini ikudzidya.

Nthawi imene kusintha kumakhala kwanzeru ilipo: pamene mwaika turbo yaikulu, mpweya wachuluka mpaka sensa yafika pamapeto pake. Masensa ambiri amatumiza magetsi a pakati pa 0 ndi 5 volts, ndipo akafika pa 5 sangawerengenso kuposa apo. Kuti mudziwe, lumikizani makina a diagnosis, wina agwire makinawo, inu muponde mu giya 3 kuchokera pa ma rev 2,500 kukwera, pa dyno (makina oyezera mphamvu ya galimoto ili pamalo amodzi) kapena pa msewu wopanda anthu. Ma rev akamakwera koma nambala ya sensa itaima pafupi ndi 5, ndiye yakwana. Ndi chifukwa chake anthu a Nissan za injini ya SR20DET amakonda kuika sensa ya galimoto ya Nissan 300ZX akakuza turbo. Koma sizipita zokha. Pamafunika munthu wodziwa kulemba tebulo latsopano mu kompyuta, sensa ya wideband yoonera mmene petulo akusakanikirana ndi mpweya, ndipo nthawi zambiri ma injector, omwe amapopera petulo mu injini, ndi pampu ya petulo nazo zimakhala zachepa. Ena amangoichotseratu MAF n'kugwiritsa ntchito sensa ya presha, MAP, pamodzi ndi yoyeza kutentha kwa mpweya. Imeneyonso ndi ntchito ya pa kompyuta.

Ngati chakubweretsani apa n'chakuti galimoto yafooka, yambani ndi kuiika pa makina. Makinawo amatulutsa makodi a vuto: P0101, P0102 ndi P0103 ndi a sensayo kapena mawaya ake, P0171 petulo akuchepa, P0172 akuchuluka. Muonenso fuel trim, nambala yoonetsa mmene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa petulo, makamaka ya nthawi yaitali yotchedwa LTFT: ikakhala mkati mwa 5 pa 100, kumwamba kapena pansi, zili bwino, ikadutsa 10 pali chofufuza. Injini ya malita awiri ikatentha, itangolira yokha, sensa imawerenga cha m'ma magalamu 2 mpaka 4 a mpweya pa sekondi.

Musanaiweruze sensa, gwirani mapaipi onse. Pakang'ambika pakati pa sensa ndi turbo, pamalowa mpweya wosayezedwa, petulo n'kuchepa. Pakatayikira mpweya utadutsa kale turbo, ku intercooler yoziziritsa mpweyawo kapena pa kalampu yomasuka, mpweya woyezedwa kale umathawa, petulo n'kuchuluka, utsi wakuda n'kumatuluka. Eya, ndi kavavu kaja kolira "psss" posintha giya, kamene anyamata amakakonda, kakamatayira mpweya panja pa galimoto ya MAF kamabweretsa vuto lomwelo, mpaka injini kumazima mukamaima. Mpweyawo uzibwerera mu paipi.

Kuitsuka n'kosavuta. Zimitsani injini, chotsani pulagi, masulani sensa, muipopere mankhwala olembedwa MAF cleaner. Osati otsukira kabyuleta kapena mabuleki, amenewo amatha kuwononga pulasitiki ndi kawayako. Musakakhudze ndi chala, nsalu kapena bulashi, ndipo musakapemerere ndi kompuresa. Dikirani mphindi 15 kuti iume, ndiye mubwezere moyang'ana kamuvi kali pambali, kaloze ku injini. Ngati fyuluta yanu ndi ija yopaka oilo, iunikeni, chifukwa oilo akachuluka amakamata pa kawaya, sensa n'kumawerenga mochepa.

Ikakhala kuti yafadi, gulani ya nambala yomweyo, ya kampani imene inapanga yoyambayo, kaya Bosch, Denso kapena Hitachi. Zotchipa zopanda dzina zimalowa bwinobwino pamalo pake, koma zambiri zimawerenga molakwika, inu n'kumasintha mapulagi ndi makoyilo olimba kufunafuna vuto. Ngati galimotoyo ndi ya dizilo, nkhani ya 14.7 ija siyanu, kumeneko sensa imathandiza kwambiri pa EGR, yomwe imabwezera utsi wina mu injini, ndi kuchepetsa utsi, koma yaikulu sikupatsaninso mphamvu.

Munditumizire chithunzi cha nambala ili pa sensapo, makodi amene atuluke, ndi LTFT injini itatentha. Mundiuzenso ngati turbo kapena kompyuta zinasinthidwapo musanagule galimotoyo.