Mayadi 427 a Perine sakwana kumuposa Vince Young

Achimwene ena amene angoyamba kumene kutsata mpira wa ku America wa m'makoleji andilembera imelo. Akuti akhala akuonera tizidutswa ta masewero akale pa YouTube, ndipo apeza kuti mnyamata wina, Samaje Perine, anathamanga ndi mpira mayadi 427 tsiku limodzi. Funso lawo ndi lakuti: "Ndiye kuti ameneyu ndi amene anasewera bwino kuposa wina aliyense? Ngati si iyeyu, inuyo mungasankhe ndani?"

Achimwene, si iyeyu. Ine ndingasankhe Vince Young wa timu ya Texas, pa zimene anachita pa 4 January 2006. Koma poti ena owerenga pano mpira umenewu sanauzolowere, ndiyambe ndi malamulo pang'ono chabe.

Bwalo lake ndi lotalika mayadi 100, ndipo yadi imodzi imachepera pang'ono pa mita. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10. Ikakwanitsa imapatsidwa kanayi kena, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Kulowa ndi mpira kumapeto kwa bwalo ndiye touchdown, mapointi 6. Kuumenya ndi phazi n'kudutsa pakati pa mitengo ndi mapointi 3. Amene amalandira mpira poyambira n'kusankha kuuponya, kuupereka kapena kuthamanga nawo yekha amatchedwa quarterback. Basi, zinazo mudzazitola mukuonera.

Za Perine n'zoona ndithu. Pa 22 November 2014, timu yake ya Oklahoma ikusewera ndi Kansas mvula ikugwa, anapatsidwa mpira ka 34, n'kuthamanga mayadi 427 ndi ma touchdown 5. Chosangalatsa n'chakuti rekodi ya mayadi othamanga ndi mpira pa masewero amodzi imene anaphwanya inali itangokhala sabata imodzi yokha. Pa 15 November, Melvin Gordon wa Wisconsin anali atathamanga mayadi 408 polimbana ndi Nebraska, kuposa 406 za LaDainian Tomlinson zomwe zinakhala chiimire kuyambira 1999. Rekodi ya zaka 15 inagwa, yatsopanoyo osatha ngakhale masiku 8.

Mukandifunsa pa awiriwa, ine ndimakokera kwa Gordon. Iye anagwira mpira ka 25 kokha, ndipo gawo lachinayi, lomwe ndi lomaliza, sanalowemo n'komwe chifukwa wopambana anali atadziwika kale. Komanso Nebraska inali timu yolemekezeka chaka chimenecho, inayamba kutsogola 17-3 isanathyoke n'kugonja 59-24. Kansas imene Perine anakumana nayo inali timu yofooka, imene inapambana masewero atatu okha pa 12, kochi wake atachotsedwa ntchito nyengo ili m'kati. Oklahoma inawina 44-7. Palibe mphindi imene munthu akanati mnyamatayu akapanda kuthamanga apa timu yake yapita. Chigoli cha nambala 6 pogwetsa timu ya kumunsi kwa ligi sichilemera ngati chigoli chimodzi cha mphindi yomaliza mu fainolo, ngakhale m'buku zonse amazilemba mofanana.

Manambala paokha amapusitsa. Pa 22 October 2016, Patrick Mahomes ali ku Texas Tech anaponya mpira ka 88, wokwana mayadi 734, ndipo pophatikiza ndi othamanga anafika 819. Timu yake inagonjabe 66-59 kwa Oklahoma ya quarterback Baker Mayfield. Ndi masewero okoma kuonera, sindikukana, koma usiku umenewo otchinga a mbali zonse ziwiri anangokhala operekeza.

Tsopano za Young. Malo ake ndi bwalo la Rose Bowl, ku Pasadena m'boma la California, ndipo opambana ankakhala akatswiri a dziko lonse. Otsutsana nawo, USC (University of Southern California), anali atapambana masewero 34 motsatizana. M'timu imodzi munali anthu awiri olandira Heisman, mphotho ya wosewera wopambana onse pa chaka: quarterback Matt Leinart, amene anaitenga mu 2004, ndi Reggie Bush, amene anali atangoitenga mwezi wapitawo, Young n'kukhala wachiwiri. Bwalolo lili kufupi ndi kwawo kwa USC, ku Los Angeles. Ambiri ankaona ngati Texas yangobwera kudzachitira umboni.

Young anaponya mpira ka 40, anzake n'kugwira 30, mayadi 267. Anathamanga yekha ka 19, mayadi 200, ma touchdown atatu. Pamodzi 467. Muona kuti nambala imeneyi ikuchepa kwambiri pa 819 ya Mahomes. Koma taonani nthawi imene anawapezera.

Kutatsala mphindi 6 ndi masekondi 42, USC inali patsogolo 38-26. Young anayendetsa timu, n'kumaliza yekha pothamanga mayadi 17. Zinakhala 38-33. Mpira unabwerera kwa USC, ndipo chimene ankafuna n'kungodya nthawi. Anafika pa mwayi wachinayi, kutatsala mayadi awiri, cha pakati pa bwalo, nthawi itangopitirira pang'ono mphindi ziwiri. Makochi ambiri pamenepo amaumenya mpira kutali kuti adani ayambire kumbuyo. Pete Carroll, kochi wa USC, sanatero. Anasankha kuyesa, poganiza kuti akapeza mayadi awiriwo Young sagwiranso mpira. Ine chiganizo chimenechi ndimachiwerenga ngati ulemu waukulu umene Young analandira usiku umenewo: kochi wa timu yosagonja ankaopa kumubwezera mpira pena paliponse m'bwalomo. Anaupereka kwa LenDale White, chimunthu champhamvu chimene chinali chitalowetsa kale katatu, Bush ali panja. Otchinga a Texas anamugwira asanafike pamzere.

Young anatenga mpira kutatsala mayadi 56. Anasuntha pang'onopang'ono mpaka pa yadi ya 8, kenaka zinthu zinaima. Mwayi wachinayi, pakufunika mayadi 5, masekondi 26 pa wotchi. Aliyense m'bwalomo ankadziwa kuti mpira ukhala m'manja mwa ndani, ndipo USC inatumiza anthu owonjezera kuti akamugwire. Iye analandira mpira, anayang'ana kutsogolo kanthawi, sanaone womuponyera, ndiye anaupanira m'khwapa n'kukhotera kumanja. Kathamangidwe kake kanali konyenga, mapazi aatali ngati sakufulumira, koma womuthamangitsa anangotsala akutambasula dzanja. Analowa pakona kutatsala masekondi 19. Mapointi awiri owonjezera, amene timu imatha kuyesa ikalowetsa touchdown, anathamanganso yekha. Texas 41, USC 38, ukatswiri wawo woyamba chichokere 1970.

Otsatira USC adzakuuzani kuti m'gawo lachiwiri bondo la Young linali litagunda pansi asanaponyere mnzake mpira umene unabala touchdown, ndipo oyimbira sanazione. Akunena zoona, kanema amaonetsa. Koma m'gawo lomwelo Bush anataya mpira poyesa kuuponyera mnzake kumbuyo pamene panalibe chifukwa, ndiye za madandaulo aliyense ali nazo zake.

Mungafunse za akale. Dzina limene silisowa ndi la Red Grange wa Illinois. Pa 18 October 1924, tsiku lopatulira bwalo lawo la Memorial Stadium, polimbana ndi Michigan, analowetsa kanayi m'mphindi 12 zoyambirira: mayadi 95 pobweza mpira woyambira, kenaka 67, 56 ndi 44. Pambuyo pake analowetsa kachisanu, n'kuponyera mnzake kena. Anawina 39-14. Ndimamulemekeza, koma mpira wa nthawi imeneyo unali wina, ndipo kumuyerekeza ndi Young n'kungodzivutitsa.

Amene amandivutitsa maganizo kwenikweni ndi munthu amene sanalowetse ngakhale kamodzi, ndipo timu yake inagonja. Ndamukong Suh wa Nebraska, bambo ake ochokera ku Cameroon, mayi ake ku Jamaica, ankasewera pakati penipeni pa mzere wa otchinga, malo amene munthu amakanganirana ndi zimphona ziwiri nthawi imodzi ndipo kamera simutsata. Pa 5 December 2009, mu fainolo ya ligi yawo ya Big 12 ku Arlington, anakumana ndi Texas yomwe inali isanagonjepo chaka chimenecho. Anagwira anthu ka 12. Quarterback wa Texas, Colt McCoy, anamugwetsa mpira uli m'manja ka 4 ndi theka, thekalo kutanthauza kuti kamodzi anagawana ndi mnzake. Pali pena pamene anamugwira n'kumuponya pansi ndi manja okha, osagwa naye n'komwe. Muonere kameneko, achimwene, ndipo maso anu akhale pa nambala 93, osati pa mpira.

Anzake a kutsogolo sanamuthandize. Nebraska sinapeze touchdown ngakhale imodzi, mapointi ake onse 12 anachokera ku phazi la Alex Henery. Komabe anali patsogolo 12-10 kumapeto. Pa mpira womaliza Suh anamuthamangitsanso McCoy, amene anautaya kunja, wotchi n'kuonetsa ziro. Osewera a Nebraska anathamangira m'bwalo kukondwera. Oyimbira anakaona kanema, anabwezera sekondi imodzi, ndipo Hunter Lawrence anamenya wa mayadi 46 n'kulowa. Texas 13, Nebraska 12.

Young ndimamuika patsogolo chifukwa mpira unali m'manja mwake pamene zonse zinkathera, pamaso pa timu yoopsa koposa, ndipo anamaliza. Suh ndimamuika wachiwiri, pamwamba pa Gordon, Perine ndi Mahomes yemwe. Sabata yotsatira Heisman inapita kwa Mark Ingram wa Alabama, Suh anakhala wachinayi, kumbuyo kwa McCoy amene Suh yemweyo anamugubuduza usiku wonse. Ovotawo sindinagwirizane nawo mpaka lero.