Wogula tiyi akalemba kuti "could be brighter", akuyamikira kapena akudandaula?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene amagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ya fakitale ina ya tiyi ku Thyolo. Mayiwa akuti chaka chino abwana awo anawapatsa udindo woyankha makalata a ogula tiyi akunja, koma makalatawo amabwera aulemu kwambiri moti iwo amalephera kudziwa ngati wogulayo wakhutira kapena ayi. Chiganizo chimene chinawasowetsa mtendere ndi ichi: "The liquor could be brighter and the leaf slightly cleaner." Anafunsanso chifukwa chimene abwanawo anawabwezera kalata imene iwo analembamo mawu akuti "more cheaper".

Mayi, ndiyambira pa kalata yobwezedwayo, chifukwa mukamvetsa pamene panalakwikapo, chiganizo cha wogula chija chimasuka chokha. M'Chichewa tikamayerekezera zinthu ziwiri, mfotokozi sasintha. Timati tiyi uyu ndi wotsika mtengo kuposa uja, ndipo ntchito yonse yoyerekezera yagwiridwa ndi mawu akuti "kuposa". M'Chingerezi muli "than" amene amafanana ndi "kuposa" wathuyu, koma kuwonjezera apo mfotokozi nayenso amayenera kusintha, ndipo njira zosinthira zilipo ziwiri zimene siziyendera limodzi. Mawu aafupi, makamaka a phatikizo limodzi, amalandira "-er" kumapeto: "cheap" amakhala "cheaper", "strong" amakhala "stronger", "bright" amakhala "brighter". Mawu aatali amasiyidwa momwe alili n'kuwaikira "more" patsogolo, monga "more expensive", "more reliable" ndi "more consistent". Inu munaphatikiza njira ziwirizo pa mawu amodzi, ndiye munayerekezera kawiri. Musachite nazo manyazi, pakuti cholakwikachi ndimachimva kawirikawiri ngakhale kwa anthu amene anapita patali ndi sukulu, ndipo gwero lake ndi loti khutu lathu limafuna mawu apadera oimira "kuposa" n'kuwapeza mwa "more".

Pa kalembedwe pali zochepa zoti muzisamala. Mawu othera ndi "y" amene patsogolo pake pali lembo lopanda liwu amasintha "y" kukhala "i", choncho "dry" amakhala "drier" ndipo "heavy" amakhala "heavier". Mawu aafupi monga "thin" ndi "big" amabwereza lembo lomaliza n'kukhala "thinner" ndi "bigger". Ndiyeno pali ena osamvera lamulo amene muyenera kungowaloweza: "good" amakhala "better", ndipo "bad" amakhala "worse". Samalaninso ndi "than" ndi "then", chifukwa nthawi zina kompyuta siikuchenjezani mukasinthanitsa awiriwa, popeza onse ndi mawu olondola paokha.

Tsopano tibwere ku chiganizo cha wogula uja, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Wogulayo akudandaula. Munthu akagwiritsa ntchito mfotokozi woyerekezera, m'maganizo mwake muli chinthu chachiwiri chimene akuyezera, ngakhale asachitchule. Ponena kuti "could be brighter", iye akutanthauza kuti tiyi amene munatumiza sanafike pa mlingo umene amayembekezera, kaya mlingowo ndi wa katundu amene munamutumizira ulendo wapita kapena wa sampulo imene anavomereza asanagule. Mawu akuti "could" ndi ulemu chabe, wofanana ndi umene timachita kwathu kuno apongozi akatiikira ndiwo zosakolera mchere, ife n'kunena kuti kamchere pang'ono kakanathandiza. Aliyense pa mphasapo amamva kuti mchere wachepa.

Muyeneranso kudziwa kuti mawu ambiri a m'makalatawa ndi a akatswiri olawa tiyi, ndipo matanthauzo ake si amene mungawapeze koyambirira mu dikishonale. "Liquor" si mowa, koma madzi a tiyi wofululidwa m'kapu. "Bright" ndi tiyi wa maonekedwe owala ndi amoyo, ndipo wotsutsana naye ndi "dull". "Thin" ndi tiyi wopanda mphamvu m'kamwa, pamene "plain" ndi wopanda kakomedwe kapadera. Akati masamba akhale "cleaner" sakunena za fumbi la m'nkhokwe, koma akuti muli timitengo ndi ulusi wa tsinde umene unayenera kuchotsedwa posefa. Mukamawerenga malipoti a msika wa tiyi wa okushoni ku Limbe mudzapezanso "dearer" ndi "easier". Oyambawo akutanthauza kuti mtengo wakwera poyerekeza ndi msika wapita, ndipo achiwiriwo akutanthauza kuti watsika. Ine "easier" ameneyu ndimamuona kuti ndi woopsa kwambiri kwa wophunzira, chifukwa munthu angawerenge kuti magiredi monga PF1 kapena BP1 anali "easier" n'kuganiza kuti malonda anayenda mosavuta, chikhalirecho ndalama yachepa, ndipo kuchepako kumakafika mpaka kwa mlimi wamng'ono wa ku Mulanje amene amagulitsa masamba ake ku fakitale.

Kukula kwa dandaulo kumaonekera pa kamawu kamene kali patsogolo pa mfotokozi. "Slightly" ndi "a little" akusonyeza kuti kusiyana n'kochepa, ndipo wogula wanu anagwiritsa ntchito "slightly" pa nkhani ya masamba, kutanthauza kuti chimene chamukhudza kwambiri ndi maonekedwe a tiyi m'kapu. Mukaona "much", "far" kapena "considerably", dziwani kuti zinthu zafika poti mukadziwitse abwana tsiku lomwelo. "Very" saloledwa pamalo amenewa, kotero kuti "very better" ndi cholakwika, ndipo cholondola ndi "much better". Palinso kalembedwe kena kofewetsa nkhani, kakuti "not as bright as". Chiganizo chakuti "This lot is not as bright as the last one" chikunena zofanana ndi "This lot is duller than the last one", koma choyambacho sichipweteka mtima, ndipo ndikukulangizani kuti inunso muzichigwiritsa ntchito pamene mukulembera anzanu a m'fakitale za ntchito yawo. Muzionetsetsanso mawu akuti "however". Ogula ambiri amayamba ndi chiyamikiro monga "overall, we are pleased", koma uthenga umene alembera kalatayo umabwera pambuyo pa "however". Mawu akuti "room for improvement" ndi "below our expectations" onse ndi madandaulo, ndipo achiwiriwa ndi olemera kuposa oyambawo.

Poyankha, musangolemba kuti "noted" n'kusiya pomwepo, pakuti wogula amaona ngati simunamve kapena simunasamale. Muthokozeni, kenako mufunseni chimene akuyerekezera nacho, chifukwa popanda chimenecho anthu a m'fakitale sangadziwe chokonza. Mukhoza kulemba motere: "Thank you for your feedback. Could you confirm which invoice you are comparing this lot with? We will send you a cleaner sample next week." Lonjezo la sampulolo mulilembe pokhapokha mutagwirizana ndi woyang'anira fakitale kuti n'zotheka. Ndikukupemphaninso kuti mukhale ndi kope limodzi pa desiki panu, momwe muzikopera chiganizo chilichonse choyerekezera chimene chabwera m'makalata a ogula, pamodzi ndi zimene zinachitika pambuyo pake, kaya wogulayo anaitanitsanso katundu kapena anapempha kuti mtengo utsike. Pofika kumapeto kwa nyengo yothyola tiyi wambiri, imene imayamba ndi mvula cha mu Disembala, mudzakhala mutadziwa kulemera kwa "slightly" wa wogula aliyense payekhapayekha.