Puloti yotchipa, msewu “ubwera”

Achimwene ena andilembera imelo kuchokera ku Joni. Apeza puloti yotchipa kunja kwa tauni ya Mangochi, kulibe msewu, koma ogulitsa akuti ubwera. Agule kapena ayi?

Achimwene, mwandikanda pachilonda. Inenso yanga ndinagula choncho. Tsiku loonetsana malire amfumu analoza ndi ndodo pakati pa ine ndi aneba, nati apa mpodzadutsa galimoto. Tonse tinavomera, osalemba kanthu. Patatha zaka ziwiri aneba aja anagulitsa malo awo, wogulayo n’kukoka mpanda wanjerwa kudya njira yonse, kungosiya kampata koti wakabaza azidutsa atatsika panjinga. Usiku umene mayi anga anadwala mwakayakaya, galimoto inaima kumjigo, ife anthu anayi tinawanyamula pabulangete, tochi ya foni ili kukamwa. Anachira, koma mpaka lero mpanda uja sindiuyang’ana bwino.

Chimene chimandipweteka n’chakuti tauni yathuyi sinayambe chonchi. Kayendeni ku Boma kwenikweni, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Misewu yomwe inalambulidwa kuno kukutchedwa Fort Johnston imapingasana, wina ukatsekeka mumakhotera wina. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo zinagwa, eni ake anapita kalekale, koma misewu ikadali pomwepo. Msewu ukalambulidwa umakhala zaka zana. Ukapanda kulambulidwa nyumba zisanamere, iwalani, chifukwa palibe amene adzalole kugwetsa chipinda chake.

Tsono onani mmene tikukulira lero. Tikungotsatira tala, wa ku Liwonde ndi wa ku Monkey Bay, ngati nyerere pa mzimbe. Kuseri kwa mzere woyamba wa mashopu kanjira kalikonse kamathera pageti ya munthu. Mwana wopita kusukulu yomwe akuiona ndi maso amazungulira kukatulukira kutala, kumene kuli njinga zamoto.

Musati ndi umphawi wokha. Lilongwe anaijambula papepala isanakhale likulu mu 1975, ma Area atalikirana, misewu yowalumikiza yochepa, ndiye m’mawa munthu wa ku Area 25 ndi wa ku Area 49 amakathinana malo amodzimodzi. Ku Ndirande ndi ku Mtandire anthu anafika mapulani asanafike, koma mathero ake ndi omwewo. Ndipo ndinene mosabisa, ife omanga mipanda mpaka m’njira ndife olakwa kuposa amfumu. Inenso khonde langa ndinalisendeza pang’ono, sindikana.

Nanga mugule?

Tumizani m’bale akafunse ku khonsolo ngati malowo ali pa mapulani. Akapiteko mu February mvula ili pakati, aone ngati lole ya mchenga ingafike. Njirayo ilembedwe, aneba onse asainire pamaso pa amfumu, muzike zikhomo zasimenti tsiku lomwelo. Akakana kusaina, ndalama zanu za ku Jonizo zisungeni.