Waloweza matanthauzo, koma Macbeth sunamuwerenge

Mtsikana wina wa Fomu 4 wandilembera kuti Macbeth, sewero la Shakespeare, wamukwana. Akuti analoweza matanthauzo a irony, imagery ndi soliloquy kuchokera m'kabuku kachidule kogula pamsika, koma mayeso a moko sanamuyendere. Bambo ake akuti asiye kutaya nthawi ndi afiti a ku Scotland, alimbikire Biology. Makalata otere sasowa mayeso a MANEB akamayandikira, ndipo kunena zoona ayamba kunditopetsa.

Mwanawe, usadzinamize. Kabuku kachidule sikangakupatse distinkishoni. Wochonga safuna tanthauzo la dramatic irony, akufuna umuonetse pamene Shakespeare anaitchera ndi chimene ikuchita mumtima mwa woonera.

Tsegula Act 1, Scene 6. Mfumu Duncan ikufika kunyumba ya Macbeth ku Inverness, nkuyamikira kamphepo kabwino ka pamalopo. Ife tamva kale Lady Macbeth, mkazi wa Macbeth, akukonza zoti mlendoyu asaone dzuwa la mawa. Mfumu ikumwetulira, ife mtima uli m'mwamba, tikulakalaka kuikuwira kuti ibwerere. Irony ndi imeneyo. Ukalemba choncho, malikisi abwera okha.

Kenako tsatira magazi. Atangopha mfumu, Macbeth akuyang'ana manja ake nkunena kuti ngakhale nyanja yonse singawayeretse. Mkazi wake akumunyogodola kuti timadzi pang'ono tikwanira. Pofika Act 5, ndi mayi yemweyo amene akuyenda ali mtulo usiku, kupukuta manja opanda kanthu, akumvabe fungo la magazi. Shakespeare sanatiuze kuti chikumbumtima chamudya, anangotionetsa manjawo. Ine ndimeyi ndaiwerenga kambirimbiri koma imandizizirabe nkhongono.

Za afiti aja, amene bambo akuwanyoza, ndiwo msampha wa sewero lonse. Mizimu imene iwo akuitana ikulonjeza Macbeth kuti wobadwa mwa mkazi sangamupweteke, komanso kuti sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam itayenda kupita ku Dunsinane, kumene kuli linga lake. Iye akumva zimene akufuna kumva. Asilikali akubwera atanyamula nthambi za m'nkhalangoyo, ndipo Macduff, mdani wa Macbeth, akuulula kuti anachita kumutulutsa m'mimba mwa mayi ake nthawi isanakwane, kwathu kuno tikanati wobadwira ku mpeni.

Tsono inu bambo, ndikupemphani mumuleke mwanayu. Akalephera Chingerezi, satifiketi ya MSCE palibe, ndipo kuyunivesite amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi chomwecho. Udokotala mukuufunawo sulowera pakhomo lina.

Iwe mwanawe, nthawi yakuthera ndithu, koma Macbeth ndi limodzi mwa masewero aafupi a Shakespeare. Peza anzako atatu, mugawane mbali, muliwerenge mokweza pansi pa mtengo Loweruka lino. Ukamaliza undilemberenso, undiuze chifukwa chake mlonda wa pachipata woledzera uja akubwera ndi nthabwala mtembo wa mfumu usanazizire.